Dimba la pasukulu ndi ana a mabanja a ku Mexico: zomwe ndinalakwitsa chaka choyamba

Ndinaphunzitsa Sitandade 2 kwa zaka 9 kwathu ku Dedza ndisanabwere ku America. Nditafika ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, ndinayamba monga ayambira ambiri a ife, kusamalira okalamba usiku. Mu Ogasiti 2022 ndinapeza ntchito imene mtima wanga unkalakalaka, yothandizira aphunzitsi pasukulu ina ya pulayimale kumadzulo kwa mzindawu, kumene kuli mabanja ambiri ochokera ku Mexico. Ana awo ambiri anabadwira konkuno ndipo ndi nzika za America, koma pakhomo amalankhula Chisipanishi.

Mwezi usanathe, ahedi anandipatsa kalabu ya ana 18 a giredi 2 ndi 3 amene kuwerenga kunkawavuta. Anandipatsanso madola 1,200 a thandizo oti tiyambitsire dimba, kuti ana aziphunzira kuwerenga pamodzi ndi zachilengedwe. Ndinasangalala kwambiri. Mumtima ndinati kuphunzitsa ndimakudziwa, khasu ndinakulira nalo, nanga chovuta n'chiyani? Ndikulemba izi chifukwa abale athu angapo ayamba kulowa ntchito za m'sukulu kuno, ndipo sindikufuna wina adzataye chaka chathunthu ngati ine.

Giredi 3 kuno ndi kalasi yoopsa kwa mwana wosawerenga bwino. Ku Indiana ana a kalasiyi amalemba mayeso a boma a kuwerenga otchedwa IREAD cha mu Malichi, ndipo mu 2024 boma linakhwimitsa lamulo kuti olephera azibwereza kalasi, kupatula magulu ochepa amene lamulolo linawapatula. Choncho aliyense pasukulu amakhala ndi phuma, ndipo phuma limenelo linandigwira inenso.

Chinthu choyamba chimene ndinachita chinali kuitanitsa makolo. Ndinalemba kalata ya masamba awiri m'Chingelezi, n'kuika m'zikwama za ana, ndipo msonkhano ndinauika Lachitatu nthawi ya 3:30 masana. Pakhomo la kalasi ndinaikapo fomu yoti aliyense alembe dzina, adiresi, kumene amagwira ntchito ndi nambala ya chiphaso. Fomuyo sanandituma aliyense, ndinangoganiza kuti ndi mmene ntchito yaudongo imayendera. Ndinagula makeke ndi zakumwa za madola 60. Panabwera amayi awiri okha. Mmodzi anaiyang'ana fomu ija, anamwetulira, n'kunena kuti waiwala chinachake m'galimoto, ndipo sanabwerenso.

Madzulo amenewo ndinauza mwamuna wanga kuti makolo amenewa alibe nazo ntchito za sukulu. Mawu amenewo ndimachita nawo manyazi mpaka lero. Nthawi ya 3:30 makolo ambiri anali m'mafakitale, m'malesitilanti kapena pa ntchito zomanga, ndipo ola lililonse lojomba ndi ndalama yodulidwa. Kalata ija ambiri sanaiwerenge n'komwe. Koma choopsa kwambiri chinali fomu. M'banja limodzi mumatha kukhala mwana amene ndi nzika, bambo wa mapepala okwanira ndi azakhali opanda mapepala, ndiye pepala lililonse lofunsa chiphaso limawabalalitsa onse. Ndikanadziwa kale kuti khoti lalikulu la dziko lino linagamula mu 1982, pa mlandu wa Plyler v. Doe, kuti mwana aliyense ali ndi ufulu wophunzira pasukulu ya boma posatengera mapepala, ndikanadziwanso kuti kalabu yowerenga siifunika chiphaso cha munthu. Dzina loyamba ndi nambala ya foni n'zokwanira, ndipo ngakhale zimenezo munthu azipereka mwa kufuna kwake.

Cholakwa chachikulu ndinachichita mu Novembala. M'kalabumo munali mnyamata wa zaka 7, wochenjera pakamwa koma akaona buku ankagwetsa nkhope. Mayi ake atabwera kudzamutenga, ndinawaimitsa pakhomo. Womasulira sindinamuitane, ndinagwiritsa ntchito mwanayo. Tangoganizani, mwana kumasulira mayi ake mawu onena kuti iyeyo akulephera. Kenaka ndinapereka malangizo anga: ngati mukufuna kuti akhoze, pakhomo muzilankhula naye Chingelezi chokha, Chisipanishi chikumusokoneza. Mayiwo anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kuyankha kuti, "Sí, maestra," kutanthauza kuti inde, aphunzitsi. Ulemu umene mabanja amenewa amapereka kwa mphunzitsi ndi wofanana ndi umene tinkauona kumudzi kwathu kale. Sakutsutsa pamaso, ndipo zimene wanena amakazichitadi.

Malangizo amenewo sindinawatenge m'buku lililonse. Ndinawatenga pa zimene anandichita ine ndili mtsikana. Kusekondale kwathu ukagwidwa ukulankhula Chichewa unkatchetcha udzu, ndipo ndinakula ndikukhulupirira kuti chilangocho n'chimene chinandipatsa Chingelezi. Sindinadzifunsepo kuti kuwerenga kwenikweniko ndinakuphunzira m'chilankhulo chiti. Chinanso chimene sindinkadziwa n'chakuti sukulu za boma kuno zili ndi udindo wofotokozera makolo nkhani zofunika m'chilankhulo chimene amamva, kwaulere, ndipo siziyenera kudalira ana pa ntchito yomasulira. Sukulu yathu inali naye womasulira amene ankabwera masiku awiri pa sabata. Ndinkangofunika kupempha.

Nyengo yozizira yonse tinaithera m'kalasi. Ndinagula mabuku a madola 340, onse a Chingelezi, onena za nyama za kumalo a madzi oundana, zinyalala za m'nyanja ndi kusintha kwa nyengo. Anali mabuku okongola, koma ana ankawerenga ngati akutafuna mchenga. Palibe chimene chinali m'mabukumo chimene akanakafunsa kunyumba. Pofika Febuluwale, ana 5 anali atasiya kubwera.

Ndinkadzilimbitsa mtima kuti dimba likayamba zonse zisintha. Cholinga chinali kubzala chomera chotchedwa milkweed, chimene anzathu a ku Mexico amati algodoncillo, chokhacho chimene mbozi za gulugufe wotchedwa monarch zimadya. Mbewu zake ndinazifesa m'timakapu mu Malichi monga tifesera mpiru. Pa timakapu 40 munamera 3. Mbewu zimenezi zimafuna kuyamba zakhala pozizira ndi pachinyontho masiku osachepera 30, kaya m'firiji kapena kuzifesa panja mu Novembala kuti chipale chofewa chizigonere. Zinali zolembedwa kuseri kwa paketi, koma ine wodziwa kulima sindinawerenge. Safunsa anadya phula.

Kumapeto kwa Epulo kunafunda masiku angapo, ndipo tinaokera tomato, tsabola ndi maungu. Sabata isanathe kunagwa chisanu usiku umodzi, m'mawa zonse zili lende, zakuda ngati zawauka ndi moto. Kumpoto kwa Indiana mbewu zoopa chisanu siziyenera kupita panja mwezi wa Meyi usanafike pakati. Tisanabzalenso, namwino wa pasukulu anandifunsa ngati dothi ndinaliyezetsa. Sindinamve chimene ankatanthauza. Kudera lathuli nyumba zambiri ndi zakale, zomangidwa boma lisanaletse penti wa mtovu mu 1978, ndipo mtovuwo umatsalira m'dothi. Mtovu umawononga ubongo wa mwana, ndiye kuti ine wofuna kuti ana awerenge ndinkawagwiritsa dothi losayezedwa ndi manja. Zotsatira zinatenga masabata atatu, ndipo zinasonyeza kuti mbali yoyandikana ndi mpanda wakale si yabwino kulimapo zakudya. Tinayenera kumanga mabedi a matabwa n'kugula dothi latsopano. Zimenezo zinadya madola 520, ndalama ya thandizo n'kuthera pomwepo. Kuyezetsa dothi kukanakhala chinthu choyamba mu Seputembala, ndisanagule ngakhale buku limodzi.

Poti mbewu za milkweed zinakana, ndinatapa m'thumba mwanga madola 90 n'kukagula zomeramera pa sitolo ina yaikulu. Mphunzitsi mnzanga anatipatsa mbozi 6 zimene anatola pakhomo pake, ana anazipatsa mayina, ndipo tsiku lililonse ankathamangira kukaziona. Pasanathe masiku atatu zonse zinafa. Sindinafunse ngati zomerazo zinathiridwa mankhwala ophera tizilombo, ndipo pali mankhwala ena amene amalowa m'kati mwa tsamba moti kutsuka sikuthandiza. Mtsikana wina analira mpaka kusisima. Ine ndinakalirira m'galimoto.

Sukulu inatsekera kumayambiriro kwa Juni. Za wothirira pa tchuthi sindinakonze, ndinkati ndizipita ndekha, koma ndinabwerera ku ntchito ya usiku kuti ndipeze ya lendi, ndipo ndinkafikako mwa apo ndi apo. Pofika Ogasiti mabedi anali thengo. Ndikawerengera zonse, chaka chimenecho ndinaonjezera madola oposa 300 anga, ndipo pa ana 18 amene ndinayamba nawo, amene kuwerenga kwawo kunasintha mooneka sanapitirire 4. Kalata yosiya kalabu ndinailemba, inangotsala kupereka.

Sabata yachiwiri ya teremu yatsopano ndinapita kukalambula mabedi aja ana ataweruka. M'thengomo munali mutamera bonongwe wambiri, wanthete. Mtima wa kwathu unandigwira, ndinayamba kuthyolera m'jumbo kuti ndikaphike, uku ndikuyang'ana ngati wina akundiona. Ndinangomva mawu kumbuyo akuti, "Quelites!" Anali agogo aakazi a mtsikana analira uja. Anatula chikwama, n'kugwada pambali panga, n'kuyamba kuthyola nawo. Ine ndinati bonongwe, iwo anati quelites, tonse tikuseka. Anandionetsa ndi manja mmene amaphikira ndi anyezi ndi tsabola, ine ndinayesetsa kufotokoza za nsinjiro. Chaka chonse ndinali ndisanakhalepo pansi ndi kholo lililonse la ana amenewa, ndinkangowalankhula nditaima pakhomo.

Mawa lake anabwera ndi amuna awo, bambo a zaka za m'ma 70 ovala chipewa cha mlaza. Nthawi imeneyi ndinapempha womasulira. Agogo aamunawo anazungulira mabedi, anafinya dothi m'manja, n'kundiuza mwaulemu kuti ndinaika mabedi pamalo pamene mthunzi wa nyumba umafika msanga, komanso kuti maungu sabzalidwa okha. Tili chiimire, gulugufe wa monarch, wa mapiko ofiirira ndi mizere yakuda, anatera pa duwa la m'mbali mwa mpanda. Agogowo anavula chipewa. Anati kwawo ndi kufupi ndi Zitácuaro, m'chigawo cha Michoacán, ndipo agulugufe amenewa akupita kwawoko. Amauluka pafupifupi makilomita 3,000 kuchoka kuno, n'kukafika m'nkhalango za mitengo ya oyamel pamwamba pa mapiri cha kumayambiriro kwa Novembala, nthawi ya Día de Muertos, pamene mabanja amakumbukira akufa awo. Anthu akumeneko amati ndi mizimu ya makolo imene yabwera kudzacheza. Anafotokoza za nthambi zolendewera chifukwa cha kulemera kwa agulugufe, ndi phokoso la mapiko awo dzuwa likatentha, longa mvula yowaza. Anafotokozanso, nkhope itagwa, za mitengo imene anaiona ikudulidwa ali mnyamata, ina anadula nawo kuti apeze chakudya.

Ana 6 amene ankadikira makolo awo anali atatizungulira, ali duu, ndipo womasulira sankamufuna. Ine ndekha ndi amene ndinkafunika kumasuliridwa. Mdzukulu wawo anafunsa kuti, "Abuelo, bwanji simunatiuzepo?" Iwo anayankha kuti palibe anawafunsapo, ndipo ankaganiza kuti za kumudzi zilibe malo pasukulu ya ku America.

Kalata yosiya ija sindinaipereke. M'malo mwake ndinapempha womasulira kuti andiitanire mayi a mnyamata uja. Ndinawapepesa, ndipo ndinawauza mosapita m'mbali kuti malangizo anga anali olakwika. Anakhala chete, kenaka anandiuza zimene zinachitika pakhomo pawo. Anamvera. Kwa miyezi 10 ankalankhula naye Chingelezi chochepa chimene ankadziwa, cha idya, samba, gona. Nthano za usiku anasiya. Agogo ake akaimba foni kuchokera ku Mexico, mwanayo anayamba kuyankha mawu amodziamodzi n'kubweza foni. Ndipo kuwerenga kwake sikunasunthe. Anandiuzanso kuti ndisanawaletse, anali atayamba kumuphunzitsa kuwerenga monga anaphunzirira iwo: ma, me, mi, mo, mu.

Nditamva zimenezo thupi langa linachita tsembwe. Amenewo ndi maphatikizo omwe ndinaphunzitsa zaka 9 ku Dedza. Chisipanishi chili ndi malembo a liwu asanu ngati Chichewa, ndipo mawu amawerengedwa pafupifupi monga alembedwera. Mwana akagwira mfundo yakuti malembo amaimira maliwu ndipo maliwu amalumikizana kupanga mawu, mfundoyo saiphunziranso kachiwiri, amapita nayo ku Chingelezi, kumene kalembedwe kake n'kosokoneza. Ndi mmene ndinaphunzirira ine. Mayi amenewa, amene sukulu analekezera pulayimale, anali pa njira yolondola, ndipo ine wa satifiketi ndi amene ndinawachotsapo.

Chaka chachiwiri tinasintha pafupifupi zonse. Makalata tinasiya. Womasulira ankandithandiza kujambula uthenga wa mawu wa mphindi imodzi n'kutumiza pa WhatsApp. Tsiku lokumana anasankha makolo, Loweruka nthawi ya 10 m'mawa, kawiri pa mwezi, ndipo makanda ndi agogo anali olandiridwa. Fomu panalibe. Loweruka loyamba kunabwera mabanja 9, pofika Disembala ankafika 14. Chakudya anandiletsa kugula, ankabwera nacho okha.

Kuwerenga tinakuyambira pakamwa. Kholo kapena agogo ankafotokoza nkhani ya munda, mtsinje kapena nyama ya kwawo. Ana ankajambula, kenaka n'kulemba ziganizo, tsamba lamanzere Chisipanishi, lamanja Chingelezi. Makolo ankakonza lamanzere, ine lamanja. Timabuku timeneti tinkatimanga ndi ulusi, ndipo mwana aliyense ankapita nako kwawo kukawerengera munthu wamkulu. Tinapitanso tonse ku laibulale ya boma, kumene khadi ndi laulere ndipo kuli mashelefu a mabuku a ana a zilankhulo ziwiri. Madola 340 aja sindikanawaononga. Ndisakunamizeni, timabuku tokha sitikanakwanira. Masiku a pakati pa sabata tinkachitabe ntchito yotopetsa ya maliwu a Chingelezi, mphindi 20 tsiku lililonse, motsogozedwa ndi mphunzitsi wa kuwerenga. Kusiyana kunali kwakuti tsopano ana anali ndi chinthu chimene ankafuna kuwerenga ndi munthu womuwerengera.

Mbewu za milkweed tinazifesa panja mu Novembala. Mabedi abambo atatu anawasuntha tsiku limodzi. Pa 30 Epulo, tsiku limene ku Mexico amakondwerera ana ndipo malaibulale ambiri kuno amaligwirizanitsa ndi mabuku, ana anawerengera makolo timabuku tawo. Pa 18 Meyi 2024 tinabzala monga agogo aja anatilangizira, chimanga, nyemba ndi maungu pamodzi, kalimidwe kamene iwo amati milpa. Nditawauza kuti amayi anga ku Dedza amalima chimodzimodzi, ndipo maluwa a maungu timadya ngati iwo, anandikumbutsa mokoma mtima kuti chimanga chinachokera kwawo. Mayi wina anationetsa mmene amawiritsira chimanga ndi laimu asanachipere, njira imene imathandiza thupi kupeza zofunika m'chimangamo n'kupewa matenda a pelagra, amene kwathu timawadziwa. Ana analemba njira yonseyo sitepe ndi sitepe, ndipo kameneko ndi kabuku kamene kanawerengedwa kwambiri. Pa tchuthi mabanja 8 anagawana masabata othirira, ndipo wothirira ankathyola ndiwo. Chaka chonsecho dimba linadya madola osakwana 200.

Mnyamata uja mayeso a IREAD a mu Malichi 2024 analephera. Ndinapita ndekha kukawauza mayi ake, womasulira ali pambali. Anapita ku sukulu ya pa tchuthi, analembanso, ndipo ulendo wachiwiriwo anakhoza. Sindingadziwe kuti akanakhala pati ndikanapanda kumulanda miyezi 10 ija, ndipo funso limenelo limandibwererabe. Pa ana 16 a chaka chimenecho, 11 anapita patsogolo mooneka. Awiri anapezeka kuti vuto lawo silinali chilankhulo, ankafunika kuyezedwa ndi akatswiri, ndipo ndinachedwa kuwatumiza chifukwa chilichonse ndinkachiika pa Chisipanishi. Mukaona mwana akuvutika m'zilankhulo zonse ziwiri, musadikire, pemphani kuti ayezedwe, ndipo kholo lilembe pempholo.

Mu Seputembala 2024 tinaitanitsa timapepala tomata pa mapiko kuchokera ku Monarch Watch, pulogalamu ya ku yunivesite ya Kansas imene imalondola ulendo wa agulugufewa. Tinamata 12. Ana analemba okha nambala, tsiku ndi malo, ndipo agogo aja ndi amene anaulutsa woyamba. Chenjezo laling'ono: utomoni woyera wa milkweed umapweteka ukalowa m'maso, ana azisamba m'manja akaugwira.

Mu Januwale 2025 boma linachotsa malangizo amene ankaletsa apolisi oona za anthu olowa m'dziko kugwira anthu pamalo ngati sukulu ndi matchalitchi. Pasukulu pathu sipanabwere aliyense, koma mantha anakwana. Loweruka lotsatira kunabwera mabanja 3. Nthawi ino sindinanene kuti alibe nazo ntchito. Ndinafunsa amayi awiri kuti tichite bwanji, ndipo anati nkhani azizijambula pa foni kunyumba, ana azibwera nazo pakati pa sabata, timabuku tizipitabe. Tinatero mpaka kunja kutafunda, pamene mabanja anayamba kubwerera pang'onopang'ono, ngakhale kuti ena sanabwerere ndipo banja limodzi linasamuka osatsanzika. Pa tsiku lobzala chaka chimenecho tinalipo mabanja 8. Agogo aja anabwera ndi mbewu ya chimanga chabuluu m'kabotolo, ndipo mnyamata uja, amene tsopano anali giredi 4, ndi amene analemba zikwangwani za mabedi onse, mbali imodzi maíz, mbali inayo corn. Atamaliza anandifunsa kuti kwathu timati chiyani, n'kuonjezera pansi pake kuti chimanga.